Kiyibodi ya Kuseri kwa Khoma

Bandi yathu inali ya anthu anayi, koma amene ankadziwadi kuyimba anali mmodzi yekha, wa kiyibodi. Atatu enafe tinkangomutsatira pambuyo monga amachitira ana ndi galimoto ya akwati. Ine ndinkamenya ng'oma. Wa gitala anali makaniko wa njinga zamoto, munthu wosayankhulayankhula, amene ankadziwa magwiridwe atatu okha a gitala ndipo ankawasamala ngati ana ake. Woyimba ndi pakamwa, amenenso anali mtsogoleri wathu, tinkawatchula kuti a Kaputeni chifukwa cha chipewa choyera cha oyendetsa sitima chimene anagula pa kaunjika. Chipewacho sankachivula ngakhale pamaliro. Pamadzi anali asanayendepo.

Tinkayimba Loweruka ndi Lamlungu, kuyambira masana mpaka kachisisira, m'bala ina ya pamsewu wopita kumsika. Inali bala ya matebulo khumi ndi awiri, firiji ziwiri, imodzi yakufa, ndi kansanja kamatabwa pakona kamene kankalira kuposa gitala munthu akapondapo. Eni ake anali mayi ena a liwu lalikulu, amene aliyense ankawatchula kuti Adona.

Tsiku lina wa kiyibodi uja anatembenuka mtima. Anabwera Lachinayi pa nthawi yoyeserera atanyamula Baibulo, n'kutiuza kuti wasiya nyimbo za m'bala, ndipo kiyibodiyo tiitenge chifukwa ili ndi ziwanda. A Kaputeni anayesa kumunyengerera. Anamukumbutsa kuti oledzera nawonso ali ndi mizimu yofunika kutonthozedwa, koma mnyamatayo anangotipempherera n'kumapita. Loweruka limenelo tinayimba atatu. Tili pa nyimbo yachinayi, Adona anabwera kudzafunsa ngati tayamba kapena tikuyesabe zingwe. Anatipatsa milungu iwiri kuti tipeze munthu, apo ayi agula wailesi yaikulu, imene sipempha mowa waulere.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinali ndi ana atatu ndi ntchito ya ulonda ya masiku anayi okha pamlungu, choncho ndine amene ndinatchula za mwana wa achemwali anga.

Achemwali anga ndi telala. Shopu yawo ili kuseri kwa bala yomweyo, khoma limodzi, khomo lake loyang'ana ku kamsewu ka ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Balayo ankadana nayo ngati mmene munthu amadanira ndi dzino lobooka: kulichotsa sangathe, kuliyiwala sangathenso. Mwana wawo wamkazi anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anaphunzira kiyibodi kusukulu, pa chida chimene theka la mabatani ake linali lakufa, moti anazolowera kusakasaka nyimbo m'malo amene atsala. Nditamubweretsa ku galaja kumene tinkayeserera, atavala yunifolomu, chikwama cha mabuku kumsana, a Kaputeni anamufunsa kuti ali kalasi yanji. Atayankha, dzina linamukakamira pomwepo: Fomu Thuu.

Anamvetsera nyimbo yathu yoyamba kamodzi, n'kuyiyimba yonse, kuphatikizapo malo amene wakale uja ankaphonya. Yachiwiri anaiimitsa pakati, n'kuuza a Kaputeni mwaulemu kuti ayambira pamwamba kwambiri, koma palibe vuto, awatsatira komweko. Makaniko anaseka. Pa zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanaonepo mano ake.

Loweruka tinamulowetsa pakhomo lakumbuyo, titamuveka jekete langa ndi magalasi akuda kuti aoneke ngati munthu wamkulu wamfupi. Anaoneka ngati mwana amene wavala jekete la amalume ake. Adona sanayankhule zambiri. Anagwira a Kaputeni pamkono, n'kukawaimika pa chikwangwani cha pakhomo chonena kuti osakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu saloledwa, ndipo anawapempha kuti awerenge mokweza, popeza mawu ndiwo ntchito yawo. Anati layisensi anaipeza atapondaponda ku khonsolo miyezi isanu ndi inayi, ndipo sangaitaye chifukwa cha nyimbo zathu, zimene ngakhale galu wa mlonda amazithawa.

Tisanatuluke n'komwe, achemwali anali atafika, tepi yoyezera ili m'khosi, sizasi m'manja. Wina anali atakawatsina khutu. M'balamo sanalowe. Anaima pakhomo n'kundiyitana ndi dzina langa lonse, limene ndimalimva kuchipatala kokha. Zimene anandiuza sindingazibwereze zonse. Mwachidule, anandikumbutsa kuti anandibereka kumsana ndili wakhanda, ndipo akanadziwa akanandigwetsa.

Nzeru ya khoma inachokera kwa mwanayo mwini. Madzulo amenewo, ine ndikupepesa kachitatu m'shopu muja, iye analoza chibowo chimene chinali pansi pa shelefu ya ulusi, pamene kale pankadutsa paipi ya madzi. Chibowocho chinkatulukira kuseri kwa ng'oma zanga. Anati lamulo likuletsa iyeyo kulowa m'bala, koma sanamvepo kuti limaletsa nthambo. Achemwali anakana masiku atatu. Tsiku lachinayi anavomera, ataona kuti mwanayo wasiya kudya, koma anaika malamulo awo: aziyimba iwo ali pomwepo akusoka, homuweki izitha kaye, ikakwana seveni koloko nthambo izizulidwa ngakhale nyimbo ili pakati, ndipo munthu aliyense wonunkha mowa asaponde pakhomo pawo, kuyambira ineyo. Adona titawauza, anati iwo nthambo sanaione, ndipo sadzaiona.

Vuto linatsala limodzi. Anthu akamva kiyibodi amafuna kuona amene akuyiyimba. A Kaputeni anakagula kiyibodi yakufa kwa okonza mawailesi, yopanda kanthu m'kati kupatula mphemvu, ndipo anabweretsa alamu awo kuti aziima kumbuyo kwake. Bambo amenewa anali atapuma pantchito yotayipa makalata mu ofesi ina, kumene anakhalako zaka makumi atatu. Nyimbo sankazidziwa, koma zala zawo zinali zothamanga, ndipo anazolowera kutayipa osayang'ana pansi. Popeza a Kaputeni ankawaitana kuti Alamu, tonse tinatengera.

Ntchito yanga inali yopereka chizindikiro. Nyimbo ikamayamba ndinkagogoda khoma kanayi ndi kamtengo koyimbira ng'oma, ndipo Fomu Thuu ankalowa. Alamu ankangofunika kuyendetsa zala mawu akamveka ndi kuzisiya mawu akatha. Loweruka loyamba anachedwa kuyamba kawiri, anapitiriza kamodzi nyimbo itatha kale, komanso nthawi ndi nthawi dzanja lawo lamanzere linkakankha mphepo, kubweza chogwirira pepala cha makina awo akale. Palibe anadabwa. Bambo wina wa patebulo lakutsogolo anauza mnzake kuti umu ndi mmene amayimbira akunja.

Malamulo a achemwali nawo analowa m'nyimbo. Masamu akavuta kuseri kwa khoma, ndinkagogoda osayankhidwa, ndipo a Kaputeni ankadzaza mpatawo ndi kupereka moni kwa makasitomala mmodzimmodzi, mpaka kwa amene akupita kuchimbudzi. Seveni ikakwana, kiyibodi inkaduka pakati pa mzere. Alamu anaphunzira kuyang'ana wotchi ndi kukweza manja onse m'mwamba pa nthawi yomweyo, ndipo mbiri inamveka yakuti dokotala anawaletsa kuyimba kupitirira seveni chifukwa zala zimatentha.

Pasanathe mwezi bala inayamba kudzaza. Adona anakonzetsa firiji yachiwiri. Alamu anasintha. Poyamba ankabwera atavala malaya a ku ofesi, cholembera m'thumba. Kenako anagula malaya onyezimira. Kenako anayamba kutsinzina poyimba, kupendeketsa mutu, ndi kuluma mlomo pamalo ovuta ngati munthu amene akuchotsedwa munga kuphazi. Makasitomala anawapatsa dzina lakuti Pulofesa, ndipo ankawagulira mowa wambiri moti makaniko ndi ine tinkamwa zotsala za munthu woyimba chida chakufa. Ndinkaganiza kuti akungochita bwino sewero lawo, mpaka tsiku lina atandikokera pambali n'kundituma kuti ndikamuuze mwanayo kuti pa nyimbo yachitatu akumachedwa, sakugwirizana ndi zala zawo.

Ndinakamuuza, ndikuganiza kuti aseka. Sanaseke. Anafunsa kuti Alamuwo amaoneka bwanji akamayimba, ndipo nditamuonetsa, achemwali ndiwo anaseka mpaka kusokera thumba la buluku kunja. Mwanayo anangoti wamva.

Lamlungu lotsatira anawalanga Alamuwo. Pa nyimbo yachitatu ija anathamangitsa zala kuchokera kumunsi mpaka kumtunda kwa kiyibodi, kubwerera, kudumpha, kuima mwadzidzidzi, kuyambanso. Alamu anatuluka thukuta mpaka malaya onyezimira anamatirira kumsana. Zala zawo zinkatayipa ngati bwana waima kumbuyo kwawo akudikira kalata. Nyimbo itatha anthu anaimirira kuwomba m'manja, mayi wina anawapukuta nkhope ndi mpango wake, ndipo Alamu anandiyang'ana n'kugwedeza mutu, ngati akunena kuti waona, mwana akadzudzulidwa amachita bwino.

Mwezi wachitatu anayamba kuphunzitsa ana a anthu kiyibodi kunyumba kwawo. Anajambula mabatani pathabwa ndi penti yoyera ndi yakuda, ndipo ankauza makolo kuti chaka choyamba mwana sayenera kumva mawu, zala zikhwime kaye.

Mbiri itafalikira, mwini bala ina ya kutsidya kwa njanji anatiyitana. Kumeneko kuseri kwa khoma kunalibe telala, kunali malo oimika magalimoto. A Kaputeni anapangana ndi dalaivala wa minibasi kuti aimike galimoto yake pansi pa zenera, ndipo Fomu Thuu anakhala pampando wakumbuyo, kiyibodi pamiyendo, amayi ake pambali pake akupinda siketi ya kasitomala ndi singano ya pamanja. Nthambo inalowera pazenera. Popeza kugogoda khoma sikukanamveka m'galimoto, makaniko anandimangirira chingwe kuphazi chimene chinkaliza kabelu ka njinga m'minibasimo.

Zinayenda bwino nyimbo zisanu. Pa yachisanu ndi chimodzi kunabwera lole ya mowa, ndipo mlonda anamenya pachitseko cha minibasi kuti isendere. Dalaivalayo, amene anali atagonera pachiwongolero, anadzidzimuka, analiza injini n'kunyamuka, monga amachitira tsiku lililonse munthu akamenya pachitseko. Nthambo inazuka. M'balamo kiyibodi inangoti zii. Ine ndinasiya, makaniko anasiya, a Kaputeni anatsala kukamwa kuli yasa. Alamu okha ndiwo anapitiriza, maso ali chitsinzinire, mutu uli pambali, zala zikuthamanga pamabatani, ndipo m'chipinda monse munkangomveka kuti khwakhwakhwa, ngati nkhuku zikujompha pa lata.

A Kaputeni anapepesa kwa anthu kuti magetsi athima. Ananena zimenezi pa maikolofoni yogwira ntchito, pansi pa mababu oyaka, firiji ikulira pambali pawo. Anthu anavomereza, ena mpaka kudandaula kuti magetsi a masiku ano ndi otero. Minibasi inakapezeka pa siteji ya kumsika itakweza kale anthu anayi, achemwali akukwapula dalaivala ndi siketi ya kasitomala. Kuyambira tsiku limenelo maulendo analetsedwa, ndipo tinabwerera ku khoma lathu.

Chakumapeto kwa chaka Adona anakonza zokondwerera kuti bala yawo yatha zaka khumi. Anasindikiza mapepala okhala ndi chithunzi cha a Kaputeni ndi Alamu, Alamu atagwira chibwano ndi chala chimodzi. Pepala lina analimata pa mtengo wa magetsi woyang'anana ndi khomo la shopu, moti mwanayo ankaliona nthawi iliyonse akadzutsa mutu.

Lachinayi la mlungu umenewo, ku galaja, anadikira mpaka a Kaputeni atamaliza kufotokoza za suti imene adzavale, ndipo anapempha chinthu chimodzi. Kulowa m'bala sankafuna, chithunzi sankafunanso. Ankafuna kuti pa tsikulo, potchula oyimba, a Kaputeni anene kuti palinso wina amene akuyimba koma sakuoneka. Dzina asatchule. Angonena kuti alipo.

A Kaputeni anamuyankha monga amayankhira akuluakulu, motalika. Anafotokoza za layisensi, za khonsolo, za mbiri ya bandi imene anaimanga ndi thukuta lawo, za mtima wa Alamu umene ndi wofooka. Anati kutchuka kumawononga ana, ndipo iwo akumuteteza. Pomaliza anapisa m'thumba n'kumupatsa bolopeni yolembedwa dzina la bala.

"Nthawi yako idzafika, mwanawe," anatero. "Ife tinadikira."

"Munadikira chiyani?" anafunsa mwanayo. Sichinali chipongwe, ankafunadi kudziwa.

Alamu analowererapo n'kunena kuti ana a masiku ano amafuna kukolola asanalime, pamene iwo anatayipa zaka makumi atatu makalata amene ankasainidwa ndi anthu ena, osadandaula. Pa mawu onse amene ananenedwa tsiku limenelo, amenewa okha ndiwo anali oona. Ine ndinali pomwepo, amalume ake, koma ndinatanganidwa kwambiri ndi kumanga nati ya ng'oma imene inali yomanga kale.

Loweruka la chikondwerero, tikulumikiza zingwe, mwanayo anabwera pakhomo lakumbuyo atanyamula kiyibodi yeniyeni ija, itakulungidwa m'nsalu, nthambo yake itapindidwa bwinobwino. Anaipereka kwa mlonda, popeza iye saloledwa kulowa, ndi uthenga wakuti mayeso ayandikira ndipo akuthokoza chifukwa cha bolopeni.

A Kaputeni anathamangira kushopu. Achemwali anawaimitsa pakhomo, anawanunkhiza, n'kuwakumbutsa lamulo lachinayi. Atabwerako, nkhope itagwa, anapeza Alamu atachotsa kale kiyibodi yakufa n'kuikapo yamoyo, akupukuta mabatani ndi mpango. Alamuwo anatiuza kuti tisade nkhawa. Miyezi isanu ndi itatu akuyimba nyimbo zimenezi, zala zinaloweza.

Ndinagogoda khoma kanayi mwachizolowezi, ndipo Alamu analowa.

Ndamvapo mawu oipa pamoyo wanga. Ndinalonderapo pafupi ndi khola la nkhumba, ndinakhalaponso m'nyumba yoyandikana ndi owotcherera zitsulo. Koma zimene zinatuluka m'masipika tsiku limenelo zinali zina. Alamu ankatayipa. Ndikukhulupirira kuti inali kalata yeniyeni, ya adiresi pamwamba, chifukwa ankapumira pang'ono kumapeto kwa ndime iliyonse. Makaniko anatembenukira kukhoma ndi gitala yake. A Kaputeni anakweza mawu kuti akwirire Alamu, ine ndinamenya mwamphamvu kuti ndikwirire a Kaputeni, ndipo ndinkangodikira botolo loyamba kuti litigwere.

Botolo silinabwere. Anthu anavina. Anavina monga ankavinira Loweruka lililonse, mwinanso kuposa, chifukwa Adona anali atatsitsa mtengo wa mowa. Bambo uja wa za akunja anauza tebulo lonse kuti Pulofesa wabweretsa sitayilo yatsopano. Mayi wa mpango anawapukutanso nkhope. Nyimbo yachitatu anatipempha kuti tibwereze.

Titamaliza ndinatsuka m'kamwa ndi madzi n'kuzungulira kushopu. Achemwali ankasesa tizidutswa ta nsalu ndipo sanandiyang'ane. Mwanayo anali pamalo pake pa nthawi zonse, pafupi ndi shelefu ya ulusi, buku la masamu lili patebulo. Chibowo chija sanachitseke. Anamva zonse, ndi kuwomba m'manja komwe.

"Amalume, sanamve kusiyana?"

Ndinati anthuwo anali ataledzera.

"Nanga masiku onse aja anali asanaledzere?"

Ndinkayembekeza kuti alira, ndipo ndinali nditakonzeratu mawu a amalume, akuti dziko ndi lotere. Sanalire. Anatseka buku, n'kufunsa amayi ake ngati m'shopumo muli pepala loyera lalikulu.

Milungu itatu yotsatira inali yokoma kwa a Kaputeni. Anati atulukira chinsinsi cha nyimbo: anthu amavinira chipewa, malaya ndi ng'oma, zinazo n'zokongoletsa chabe. Anayamba kunena kuti mwanayo ankatibweza m'mbuyo ndi malamulo a amayi ake, tsopano tikhoza kuyimba mpaka nthawi imene tafuna. Alamu anawonjezera ophunzira. Ine ndinayamba kuika thonje m'makutu.

Chimene tonse tinayiwala n'chakuti khoma lili ndi mbali ziwiri. Miyezi yonse ija Fomu Thuu ankayimba chitseko cha shopu chili chotsegula, ndi kasipika kakang'ono kodzimvera yekha. Wometa tsitsi ankatulutsa benchi yake panja Loweruka masana. Okonza mafoni ankazimitsa wailesi yawo. Amayi ogulitsa zipatso pakona, wogulitsa mankhwala, agogo a m'nyumba yapamwamba amene sankatsika masitepe koma ankatsegula zenera, kamsewu konse kankadziwa amene amayimba, ndipo palibe anaulula. Anthu amenewa masana sankamwa, makutu awo anali bwinobwino. Tsopano zimene zinkawafika, kudzera padenga ndi m'mazenera, anali makalata a Alamu.

Mwanayo anayenda khomo ndi khomo akaweruka kusukulu, pepala lili m'manja. Analemba yekha dandaulo lopita ku khonsolo, la ndime ziwiri, lopanda mawu achipongwe, lonena za phokoso. Anasaina anthu makumi anayi ndi mmodzi. Agogo a pamwamba anadinda chala. Wometa tsitsi anandiuza pambuyo pake kuti onse anasainira bolopeni ya a Kaputeni.

Mkulu wa ku khonsolo anabwera Lamlungu, bambo woonda wa chikwama chachikopa. A Kaputeni atamuona anaganiza kuti nkhani ya mwana yaululika, ndipo bamboyo asanatsegule pakamwa anayamba kulumbira kuti m'bandi mwawo simunayimbepo mwana, onse ndi akuluakulu, wamng'ono kwambiri ndi ineyo wa zaka makumi anayi ndi ziwiri. Bamboyo anati sanabwerere za ana, koma popeza azitchula okha, alemba. Anakhala patebulo lakutsogolo, anaitanitsa madzi, n'kutipempha kuti tiyimbe monga timayimbira nthawi zonse.

Anapirira nyimbo imodzi ndi theka. Kenako anakweza dzanja, anafika pakansanja, n'kufunsa Alamu mwaulemu kuti nyimboyo ili mu kiyi yanji. Alamu anaganiza kaye, n'kuyankha kuti zimatengera tsiku.

Kalata inafika Lachitatu. Bala inaloledwa kupitiriza kugulitsa mowa, koma bandi inaletsedwa mpaka makoma ndi denga atakonzedwa kuti asamatulutse mawu. Adona anafunsa mmisiri za ntchito imeneyo, anamva mtengo wake, n'kukagula wailesi. Zida zathu tinazipeza pakhonde.

A Kaputeni anati wolakwa ndine, chifukwa njokayo ndinaibweretsa ndine. Achemwali anati wolakwa ndine, chifukwa ndinakhala chete pamene ndinayenera kuyankhula. Aka kanali koyamba kuti anthu awiriwa agwirizane pa chinthu chimodzi. Bandi inatha popanda msonkhano. Makaniko anabwerera ku njinga zake. A Kaputeni masiku ano amayendetsa mwambo pamaukwati, kumene amayankhula popanda wowadula. Alamu ali ndi ophunzira khumi ndi anayi, ndipo makolo ena akuyamikira kuti ana awo akulemba mofulumira pa kompyuta.

Kiyibodi ija inatsalira ine. Nditaisunga pansi pa bedi milungu iwiri, ndinaitengera kushopu tsiku lina m'mawa ndisanalawe chilichonse. Mayeso anali atatha. Ndinaiika patebulo n'kunena kuti ndinalakwa, mawu amene amuna a m'banja mwathu sadziwa katchulidwe kake. Mwanayo anaivundukula, anayesa mabatani onse limodzilimodzi, anapeza awiri amene Alamu anathyola, n'kunena kuti si kanthu.

Tsopano amayimba Loweruka masana pakhonde la shopu, ndi anzake awiri akusukulu, wina wa gitala, wina woyimba ndi pakamwa. Anthu amakhala pa mabenchi, ena amakhala chiimire mpaka kutseka kamsewu. Makasitomala ena a Adona amatuluka kudzaima pakona, mabotolo atawabisa kumbuyo poopa achemwali. Ena mwa iwo amati mwanayo akuyesetsa ndithu, koma sanafike pa Pulofesa.

Mwezi watha mwanayo anandiuza kuti akufuna womenya ng'oma. Ndinayamba kumufotokozera masiku amene ndimakhala ndi mpata, koma anandidula n'kunena kuti pali anthu ena atatu amene akufuna malowo, ndiye ndibwere Lachinayi lomaliza la mwezi uno adzandimve. Ndinamukumbutsa kuti wakhala akundimva miyezi isanu ndi itatu.

"N'chifukwa chake, amalume," anatero. "Mumathamanga mukafika pa kolasi."

Ndinakafunsa makaniko ngati n'zoona. Anapukuta manja, n'kunena kuti iye anazindikira chaka choyamba, koma ankayesa kuti ndikuthamangira kuntchito. Masiku ano ndikaweruka ndimakhala kuseri kwa nyumba, wotchi ya pakhoma ili pampando, ndikumenya pilo motsatira kugunda kwake. Mkazi wanga akuti ndayamba kusintha. Atatu enawo ndawaona. Mmodzi ali Fomu Wani.